Inshuwalansi isakudyereni ndalama: chochita musanasaine, ngozi ikagwa, ndi kampani ikakana kulipira

Alamu anga anagula Sienta chaka china n'kuyamba kunyamula anthu pakati pa Limbe ndi Thyolo. Pa nkhani ya mapepala sanachite ulesi. Analipira inshuwalansi ya comprehensive, yodula ija, ndipo disiki inali pagalasi. Apolisi apamsewu akawaimitsa ankangosuzumira tsiku lothera n'kuwauza kuti pitani. Tsiku lina kukuwaza chiperoni, galimoto inaterereka pakona n'kukaomba mtengo m'mphepete mwa munda wa tiyi. Palibe anafa, koma kutsogolo konse kunaphwanyika.

Atafika ku kampani ndi lipoti la apolisi, mayi wa padesiki anatsegula fayilo n'kuloza mzere umodzi ndi cholembera. Pafomu panalembedwa kuti galimotoyo ndi yoyendera eni ake ndi banja lawo. Lipoti la apolisi linkanena kuti munali anthu olipira. Fomuyo anawadzazira ndi mnyamata amene anawagulitsa inshuwalansiyo, yemwe anati, "Tingolemba private, bwana, imatchipa." Iwo anangosaina. Sienta ija inakhala pagalaja mpaka udzu unamera pansi pake.

Kunyumba aliyense ankati makampani a inshuwalansi ndi akuba. Ine alamuwo ndinawamvera chisoni, koma apa kampani inali ndi poimira. Inshuwalansi imalipira zimene zili papepala. Zimene munauzidwa pakamwa zimatsala pomwe munaimapo. Komanso ikakhala kuti kampani ndiyo yalakwa, chifukwa zimenezo zimachitikanso, kokadandaula kulipo, kungoti ambiri sitikudziwa.

Dziwani kaye amene amayang'anira makampaniwa

Ndi Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu ija imene timangoikumbukira kwacha ikagwa. Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa bankiyi ndiyenso Registrar of Financial Institutions. Ofesi imeneyi ndi imene imapereka malaisensi ku makampani a inshuwalansi, ma broker ndi maejenti, imayang'ana ngati kampani ili ndi chuma chokwanira kulipira anthu ake, ndipo imalandira madandaulo a anthu wamba. Likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe, nthambi zili ku Blantyre ndi ku Mzuzu.

1. Muyambe ndi funso ili: tsoka lanji lingandigwetse pansi?

Wogulitsa amabwera ndi zimene akufuna kugulitsa. Inu muziyamba ndi zimene mukuopa. Ngati muli ndi galimoto, lamulo la Road Traffic silikupatsani mwayi wosankha: third party ndi yokakamiza. Koma mvetsani bwino. Third party imalipira munthu amene mwamuvulaza kapena kumuonongera katundu. Galimoto yanu ikaphwanyika mukonza nokha. Yolipira galimoto yanunso ndi comprehensive. Pakati pa ziwirizi pali ina imene imaonjezera moto ndi kubedwa pamwamba pa third party.

Wagolosale kapena wahadiweya aganizire za moto ndi akuba. Amene akulera ana ang'onoang'ono aganizire za moyo wake ndi za maliro. Laisensi ya inshuwalansi ya moyo ndi yosiyana ndi ya katundu, n'chifukwa chake mumamva kuti NICO Life kwina NICO General kwina. Musapite kogulitsa za galimoto kukafunsa za maliro.

2. Onani laisensi musanatulutse ndalama

Ejenti amagwirira ntchito kampani. Broker amayenera kuimira inu, kukufunsirani mitengo ku makampani angapo ndi kukuthandizani tsiku la mavuto. Onsewa amadya komishoni kuchokera ku ndalama zimene mwalipira, ndiye musachite manyazi kuwafunsa mafunso ambiri. Onse ayenera kukhala ndi chilolezo cha Registrar. Pemphani kuchiona. Ngati mukukayika, imbirani ku kampani imene akuti akuimira, pa nambala imene mwaipeza nokha osati imene wakupatsani iyeyo, kapena yang'anani mndandanda wa makampani ovomerezeka umene Reserve Bank imatulutsa.

Madobadoba a panja pa ofesi ya Road Traffic ndi nkhani ina. Disiki yotchipa modabwitsa, yotuluka m'thumba la jekete mphindi khumi zisanathe, ingakudutsitseni pa rodibuloko. Tsiku limene mudzagunde mwana wa munthu ndi pamene mudzamve kuti nambala yake kulibe m'kompyuta ya kampani, ndipo chipukuta misozi chonse chidzachoka m'thumba mwanu. Mukangolandira disiki, imbani ku kampani muwawerengere nambala yake.

3. Fomu mudzaze nokha, ndipo munene zoona

Apa ndi pamene alamu anga anagwera. Kampani siidziwa galimoto yanu, sitolo yanu kapena thupi lanu. Imadalira zimene mwaiuza, ndipo mtengo imauika potengera zimenezo. Ikadzazindikira kuti munabisa chinthu chimene chikanasintha mtengo kapena chikanaichititsa kukana, ili ndi ufulu wokana kulipira, ngakhale munakhala mukulipira mokhulupirika zaka zisanu.

Galimoto yonyamula anthu olipira muilembe kuti ndi yonyamula anthu. Njinga yamoto ya kabaza chimodzimodzi. Sitolo imene kuseri kwake mumasungako petulo wa m'zigubu, nenani. Pa inshuwalansi ya moyo, akakufunsani za BP, shuga kapena mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, yankhani momwe zilili. Zaka zobadwa za agogo amene mukuwaika pa inshuwalansi ya maliro zifanane ndi zimene zili pa chiphaso chaunzika, osati zongoganizira kuti "anabadwa nthawi ya njala ya 1949".

Ngati Chingerezi cha pafomu chikukuvutani, wina akudzazireni, palibe cholakwika. Koma akuwerengereni yankho lililonse musanasaine, ndipo mujambule tsamba lililonse ndi foni. Saini ndi yanu. Ejenti akhoza kusiya ntchito mwezi wamawa.

4. Chikalata chikabwera, fufuzani malo anayi

Chikalata cha mgwirizano, chimene iwo amati policy, ndi chachitali komanso zilembo zake ndi zing'onozing'ono ngati nyerere. Sindikunamizani kuti muchiwerenga chonse. Koma pemphani kuti akupatseni, chifukwa ambiri timangotenga disiki ndi lisiti n'kumapita, ndipo pali malo anayi amene simuyenera kuwadumpha.

Oyamba ndi mtengo umene mwaika pa katundu wanu. Apa ndichedwapo, chifukwa m'zaka zimenezi ndi pamene anthu ambiri akupsera osadziwa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata, zipangizo za galimoto, zonse zinakwera. Koma anthu ambiri chaka chikatha amangolipiranso inshuwalansi pa mtengo wakale uja, n'kumasangalala kuti sinakwere kwambiri.

Tiyerekeze kuti m'sitolo mwanu muli katundu wa K20 miliyoni, koma papepala munalemba K10 miliyoni. Moto wabuka, waononga katundu wa K6 miliyoni. Inu muganiza kuti poti 6 ndi wochepa kwa 10, akupatsani yonse. Ayi. Policy zambiri za katundu zili ndi mfundo imene amaitcha average. Amati munateteza theka lokha la katundu wanu, ndiye nafenso tilipira theka la zimene zaonongeka. Mulandira K3 miliyoni. Theka linalo mumatengedwa ngati munadziteteza nokha. Choncho chaka chilichonse musanalipirenso, khalani pansi ndi buku lanu la sitoko, kapena funsani mtengo wa galimoto ngati yanu pamsika lero, n'kukonza nambala ija. Kukweza mtengo mopyola nakonso sikuthandiza: salipira kuposa zimene mwatayadi.

Achiwiri ndi mndandanda wa zinthu zimene salipira. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, funso limene eni nyumba ambiri sanadzifunsepo linaonekera poyera: kodi inshuwalansi ya moto imakhudza madzi osefukira, matope ndi mphepo? Siimangokhudza yokha. Zimenezi zimayenera kukhala zolembedwamo. Chimodzimodzi zipolowe ndi zionetsero, kwa inu amene masitolo anu ali m'mbali mwa msewu umene anthu amadutsa akakwiya. Pa galimoto, zokanira zodziwika ndi dalaivala woledzera, dalaivala wopanda laisensi yoyenera galimotoyo, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto njoyenera kuyenda pamsewu) yotha ntchito, ndi kunyamula mopyola muyeso.

Achitatu ndi excess, gawo limene mumalipira nokha pa ngozi iliyonse kampani isanaikepo yake. Funsani kuti ndi zingati, ndipo ngati imakwera dalaivala akakhala wachinyamata kapena wa laisensi yatsopano.

Achinayi ndi nthawi: masiku amene muyenera kukhala mutawadziwitsa ngozi ikachitika, ndiponso, pa inshuwalansi ya maliro, miyezi yodikira isanayambe kulipira imfa ya matenda. Amene amathamangira kulembetsa amalume atagonekedwa kale m'chipatala amakhumudwa pa chifukwa chimenechi.

Oyendetsa galimoto kunja kwa dziko, third party yanu imathera pachipata. Wopita ku Zambia kudzera pa Mchinji kapena ku Tanzania kudzera pa Songwe angagule third party yogwira ntchito kumaiko amenewo, yotchedwa COMESA Yellow Card, kuno komwe asananyamuke. Wolowa Mozambique amagula ya komweko pachipata.

5. Lipirani ku kampani, sungani lisiti

Osalipira, osatetezedwa. Musadalire mawu akuti "mudzalipira kumapeto kwa mwezi, ife takulembani kale". Ndalama ipite ku akaunti ya kampani kapena ya broker wovomerezeka. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene ikutulutsa dzina la munthu m'malo mwa dzina la kampani, ikaikireni. Lisiti likhale ndi dzina la kampani, dzina lanu ndi nambala ya policy.

Kwa inu amene amakudulani pamalipiro, muziyang'ana pa payslip mwezi uliwonse, ndipo kamodzi pachaka mupemphe sitetimenti ku kampani ya inshuwalansiyo. Zimatheka abwana kudula koma osatumiza. Mukasintha ntchito kudulako kumaima, policy n'kufa mwakachetechete. Ndipo musanathetse inshuwalansi ya moyo chifukwa cha mavuto a ndalama, funsani kaye kuti akubwezerani zingati. M'zaka zoyambirira zimakhala zochepa momvetsa chisoni, nthawi zina kulibiretu.

6. Auzeni apabanja panu

Ife Amalawi sitikonda kukamba za imfa tili moyo, timati n'kudziitanira. Koma inshuwalansi ya moyo imene akazi anu kapena amuna anu sakuidziwa ndi ndalama yotaya. Lembani dzina la wodzalandira, ndipo mulikonze zinthu zikasintha: ukwati, kubadwa kwa mwana, kusudzulana. Ndinaona maliro ena pamene mayi wamasiye wa ana anayi anapeza kuti pafomu pakadali dzina la achimwene a malemu, lolembedwa malemuwo akadali mbeta ya mwamuna, atangoyamba ntchito. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 la chuma chamasiye, koma dzina limene munalemba ndi dzanja lanu ndi lovuta kulitsutsa.

Pali inshuwalansi ziwiri zimene anthu amakhala nazo osadziwa. Lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito amene ali pansi pa lamulolo kutengera antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Munthu akamwalira ali pantchito, banja lifunse za ndalama imeneyi, ndi yosiyana ndi penshoni. Inayo ndi ya pangongole. Ngongole zambiri za kubanki ndi za mabungwe obwereketsa ndalama zimakhala ndi kandalama kodulidwa ka inshuwalansi yoti wobwereka akamwalira ngongole yotsala ithe. Musanayambe kugulitsa mbuzi kuti mubweze ngongole ya malemu, pemphani kalata ya ngongoleyo muone ngati kandalama kameneka kankadulidwa.

7. Ngozi yachitika

Ovulala apite kuchipatala kaye. Kenako itanani apolisi, ndipo jambulani zithunzi galimoto zisanasunthidwe: malo, mateyala pomwe anakwekwereza, nambala ya galimoto inayo, disiki yake, laisensi ya dalaivala. Tengani manambala a foni a anthu awiri amene anaona.

Musavomere kulakwa pamsewu ndipo musalonjeze kulipira. Ndikudziwa kuti anthu akakuzingani, wina akukuwa, mtima umafuna kungoti "pepani, ndalakwa ndine, ndikonza". Kupepesa munthu wovulala ndi umunthu. Koma kusainirana kapepala kogwirizana zolipira kampani isanadziwe kungaipatse chifukwa chokanira. Nenani kuti muli ndi inshuwalansi ndipo mukaidziwitsa.

Idziwitseni tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ngakhale lipoti la apolisi lisanatuluke. Mukaimba foni, tsatizani ndi imelo kapena kalata kuti pakhale umboni wa tsiku. Musayambe kukonzetsa galimoto, kapena kusesa phulusa m'sitolo, woyesa zoonongeka wa kampani asanabwere. Akabwera, muyende naye, mumuonetse chilichonse. Adzafuna makotesheni a kugalaja, blue book, laisensi ya amene ankayendetsa ndi COF. Wasitolo adzafunsidwa malisiti oodera katundu ndi buku la sitoko, ndipo ngati zonsezi munkasunga m'sitolo momwemo, zapsera limodzi. Muzijambula masamba ake ndi foni mwezi ukatha.

Pa imfa, zofunika kwambiri ndi lipoti la imfa la kuchipatala kapena kalata ya amfumu ngati munthu wamwalirira kumudzi, chiphaso cha imfa chochokera ku NRB, ofesi yopereka ziphaso zaunzika ija, kudzera kwa DC, ndi ziphaso za odzalandira.

Pepala lililonse limene mukupereka, sungani fotokope yake, ndipo wolandirayo adindepo chidindo cha tsiku. "Fayilo yanu sikuoneka" ndi mawu amene amathera pomwepo mukatulutsa kope yodinda.

8. Ngati wogundidwa ndinu

Woyenda pansi, wapanjinga, wokwera minibasi: simunagule inshuwalansi iliyonse, koma third party ya galimoto imene yakuvulazani inaikidwira inu. Gawo 148 la lamulo la Road Traffic limakulolani kufuna chipukuta misozi mwachindunji ku kampani ya inshuwalansi ya galimotoyo, koma ufulu umenewu umatha pakapita zaka ziwiri. Mufunika lipoti la apolisi, limene limatchula kampaniyo, ndi lipoti la dokotala. Dziwaninso kuti kampani imalipira mpaka pa malire amene ali mu policy. Zopyola pamenepo zimafunidwa kwa mwini galimoto.

Chenjerani ndi anthu amene amafika pabedi lanu kuchipatala ndi mafomu, akuti "tikuthamangirani". Ngati mukufuna loya, musankhe nokha, mugwirizane zolemba kuti adzatenga zingati, ndipo mupemphe kuona kalata ya kampani yonena ndalama zonse zimene zatuluka. Osowa ndalama apite ku Legal Aid Bureau. Dandaulo lokhudza loya limapita ku Malawi Law Society.

9. Musasaine kuti zatha musanamvetse

Kampani ikavomera, imakupatsani pepala loti musaine kuti mwalandira ndipo nkhani yatha. Mukasaina yathadi. Pemphani akuonetseni masamu: mtengo umene anayambira, excess, zimene achotsa chifukwa cha kutha kwa katundu, ndi average ngati aigwiritsa ntchito. Ngati akuti galimoto njosakonzeka, funsani mtengo umene aipatsa ndi kuti chigoba chitsala kwa yani. Mwaloledwa kupita nalo kunyumba pepalalo n'kukabwera mawa. Amadziwa kuti muli pa mavuto a ndalama, inunso dziwani kuti akudziwa.

10. Akakana, kapena akangokhala chete

Musayambire pa Facebook, ndipo musayambire ku Reserve Bank. Akakufunsani ngati mwadandaula kale ku kampaniyo, ndipo ngati simunatero akubwezani. Choyamba pemphani a kampani kuti chifukwa chokanira akulembereni, atchule ndime ya mu policy imene akuimirapo. Kukana kwa pafoni sikukana. Mukawerenga ndimeyo nthawi zina mupeza kuti akunena zoona, monga zinalili ndi alamu anga. Nthawi zina mupeza kuti ndimeyo sikukhudza nkhani yanu n'komwe.

Mukaona kuti akulakwirani, lembani kalata yodandaula kwa mkulu wa kampaniyo kapena ofesi yake yolandira madandaulo, mudindise kope yanu, ndipo mufunse tsiku limene ayankhe. Tsikulo likadutsa, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, pamenepo ndi pamene mupite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Mungakasiye kalata ku ofesi iliyonse mwa zitatu zija. Simufunika loya kapena munthu wokudziwitsani kwa abwana.

Ofesiyi imafunsa kampani mbali yake, ndipo kampani imene laisensi yake ili m'manja mwa wofunsayo siinyalanyaza kalata yotero momwe inanyalanyazira yanu. Koma musayembekezere kuti Registrar asintha zimene munasaina. Amayang'ana ngati kampani yatsata malamulo ndi mgwirizano wake. Khoti likadalipo ngati simukukhutira, kungoti muziwerenga masiku, chifukwa nthawi yokasumira kukhoti siima podikira makalata.

Kalata ya kwa Registrar ikhale ya tsamba limodzi. Pamwamba dzina lanu, nambala ya foni ndi nambala ya policy. Kenako masiku motsatana: tsiku limene munalipira, la ngozi, limene munadziwitsa kampani, limene munadandaula, ndi zimene anayankha. Mzere womaliza unene chimene mukufuna, ndi ndalama zake ngati mukuzidziwa. Zaukali ndi mbiri ya mavuto a pakhomo zisiyeni. Kumbuyo kwake mumangirire mafotokope a policy, malisiti, lipoti la apolisi ndi makalata onse a kampani. Mapepala enieniwo atsale kunyumba, mu envulopu ya pulasitiki, pamalo pamene chiswe ndi madzi a mvula sizifika.